Wani Uja Tinabwereka

Mlongo wanga anatumiza mwana wake kwa ine mu Disembala 2024, sukulu zitangotsekera. Mnyamatayo anatsika minibasi yochokera ku Chadiza atanyamula kathumba ka nshawa, nkhuku yomanga miyendo ndi envelopu imene mayi ake anamuuza kuti asatsegule panjira. M'envelopumo munali lipoti la Giredi 6. Chinyanja anakhoza bwino, sayansi anayesako, koma pa masamu panalembedwa 23 ndi bolopeni yofiira. Kuseri kwa lipotilo mlongo wanga anaikako mawu ake: "Alongo, mwana wanu ndi uyu. Chaka chamawa alemba mayeso." Kwathu kwa Achewa mawu otere safuna womasulira. Mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo akagwa anthu amafunsa kuti malume wake anali kuti.

Usiku womwewo, titatha kudya, ndinang'amba pepala m'kope ndi kulembapo samu imodzi: 403 kuchotsapo 178. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akuluma pensulo, kenako analemba 375. Ndinaona mmene anachitira. Pamzere uliwonse anachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, osalabadira kuti ili pamwamba ndi iti: 8 kuchotsa 3, 7 kuchotsa 0, 4 kuchotsa 1. Sindinanene kanthu. Ndinapinda pepalalo ndi kuliika m'thumba la malaya.

Kutacha ndinamusiya pakantemba ka mkazi wanga kuti azithandiza kugulitsa. Madzulo ndikuchokera kuntchito ku Down Shops, kumene ndimasunga mabuku m'sitolo ya mbewu ndi feteleza, mkazi wanga anandiuza kuti mwanayu sanalakwitse chenji ngakhale kamodzi tsiku lonse. Ndiye ndinamuitana.

"Iwe, m'kabokosi ka azakhali ako munali K403. Alipira wobweretsa buledi K178. Zatsala zingati?"

Anayang'ana kudenga pang'ono chabe. "K225, amalume."

"Wapeza bwanji?"

"178 kufika 200 ndi 22. Kuchoka pa 200 kufika 403 ndi 203. Ndiye 225."

Ndinatulutsa pepala la dzulo lija ndi kumuonetsa kuti manambala ndi omwewo. Ndinamufunsa kuti pakati pa 375 ndi 225, yankho loona ndi liti. Anayankha mosachita manyazi, ngati munthu amene akufotokozera mlendo njira: "Onse, amalume. Ili ndi la ndalama, ili ndi la kusukulu."

Mawu amenewa anandisowetsa tulo. Mwana wa zaka 12, wanzeru zake, anakhala m'kalasi zaka 6 ndipo chimene anatolamo n'chakuti masamu a kusukulu ndi mwambo wina wake umene sukhudzana ndi dziko limene iye amakhalamo. Yankho likhoza kukhala lopanda nzeru, bola layalidwa bwino pansi pa mzere. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinamumvetsa, pakuti inenso ndinali mwana wotero.

Ndinayamba sukulu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'mawa uliwonse, tisanakhale n'komwe pansi, kunali "mental". Aphunzitsi ankayenda pakati pathu atagwira kamtengo ka mpichesi. Akakuloza ndi kufuula "seven times eight", unali ndi nthawi yopuma kamodzi kokha. Ukachedwa, dzanja linkatambasulidwa. Mpaka lero ndikamva "seven times eight" chikhatho changa chimayamba kudziwa mutu usanadziwe. Kuchotsera tinkaphunzira moimba, kalasi yonse pamodzi: "three take away eight, it can't, borrow one." Tsiku lina, ndili Giredi 4, ndinakweza dzanja ndi kufunsa kuti wani amene timabwerekayu timabweza liti. Sikunali kuchita chipongwe. Kunyumba anatiphunzitsa kuti chobwereka chimabwezedwa, ngakhale singano. Anzanga anaseka, aphunzitsi anaganiza kuti ndikuwayesa, ndipo ndinakalima udzu kuseri kwa zimbudzi. Kuchokera tsiku limenelo sindinafunsenso funso m'kalasi ya masamu mpaka ndinamaliza Giredi 12, ndipo masamuwo ndinalephera.

Chodabwitsa n'chakuti m'nyumba momwe ndinkakhalamo munali katswiri wa masamu. Ambuya anga, amayi a amayi, sanapondeko m'kalasi. Ankagulitsa nshawa, nyemba ndi kapenta pamsika wa Kapata, poyeza ndi meda ndi timbale. Munthu akagula mameda 3 a nshawa pa K12,000 iliyonse ndi kupereka K50,000 ya ndalama zakale zija, iwo ankawerengera chenji m'dzanja lake mokwera: "36, nayi 4 ikwane 40, nayi 10 ikwane 50." Ankadziwa kuti thumba limatuluka mameda angati, kuti mbewa ndi chinyezi zidyapo angati, ndi kuti atsitse mtengo kufika pati dzuwa likapendeka osadya mpamba. Pa 1 Januwale 2013 boma linachotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 n'kukhala K1, ndipo mangwee anabwerera m'matumba mwathu. Kwa miyezi 6 ndalama zakale ndi zatsopano zinkayendera limodzi. Ine, wa satifiketi ya Giredi 12, ndinkaima pakauntala ndi kakyuleta. Ambuya ankalandira zakale, n'kubweza zatsopano, akucheza ndi mnzawo wa tomato. Nditawafunsa kuti amatha bwanji, anati: "Mbuzi ukaisintha dzina imakhalabe mbuzi. Pini imodzi ndi kwacha imodzi, basi."

Pambuyo pake ndinadzamva kuti zimenezi si za ku Kapata kokha. Mu 1985 ofufuza ena ku Recife, m'dziko la Brazil, analemba za ana ogulitsa malonda m'misewu amene ankawerengera ndalama molondola pamutu, koma n'kulephera masamu omwewo akawalembera papepala monga a kusukulu. Mwana wa mlongo wanga ali ndi abale ake kutsidya la nyanja.

Anthu amsinkhu wanga tikakumana timakonda kunena kuti ana a masiku ano sadziwa masamu, kale zinali bwino. Ine mawu amenewa ndimawalandira ndi dzanja limodzi. Kale lomwe timatamalo linali ndi sefa. Mayeso a Giredi 7 ankabweza ana ambirimbiri kumudzi, ndipo amene ankapitirira ku Chizongwe kapena ku St. Monica's anali ochepa osankhika. Tikamakumbukira kale timakumbukira ochepa aja, n'kuiwala anzathu amene anatsala panjira osadziwa kugawa 12 pakati pa anthu 4. Komabe vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu. Mu 2017 dziko la Zambia linachita nawo mayeso a PISA for Development, okonzedwa ndi bungwe la OECD, pamodzi ndi maiko monga Senegal, Cambodia ndi Guatemala. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2018, zinaonetsa kuti mwa ophunzira 100 a zaka 15, pafupifupi 2 okha ndiwo anafika pa mlingo wotsikitsitsa umene munthu amayenera kufikapo pa masamu. Awa anali ana amene ali pasukulu, osati amene anasiya.

Nanga zimayambira pati? Ndinatenga zaka za mwana wa mlongo wanga ndi kuziyala chimodzichimodzi, monga ndimachitira ndi mabuku a m'sitolo ndalama zikasowa.

Anayamba Giredi 1 mu 2019. Ali Giredi 2, mu Malichi 2020, sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ana a makalasi osalemba mayeso anabwerera mu Seputembala. Kumudzi kunalibe wailesi ya kanema kapena intaneti yoti n'kuphunzirirapo. Miyezi imeneyo iye anaithera kudambo ndi ng'ombe. Koma Giredi 2 ndi 3 ndi pamene mwana amayenera kugwira chinthu chimene masamu onse atsamirapo: kuti 4 wa mu 403 si 4 wamba koma mahandiredi 4, ndi kuti 0 ali pamenepo kusunga malo a makumi. Atabwerera, palibe amene anabwerera naye m'mbuyo. Chaka chitatha anakwera kalasi pamodzi ndi anzake onse, chifukwa kupulayimale ana amangokwera. Mu 2022, ali Giredi 4, boma linachotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana ambiri amene anali atakhala pakhomo anabwerera. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000. Koma ana anachuluka kuposa zipinda ndi madesiki. Mu 2023, ali Giredi 5, chinenero chophunzirira chinasintha kuchoka ku Chinyanja kupita ku Chingerezi, monga mwa dongosolo limene linayamba mu 2014 loti ana aziphunzira m'chinenero cha kwawo kufika Giredi 4. Mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka mu Febuluwale, ndipo chilala cha chaka chimenecho chinachititsa kuti masiku ambiri apite kusukulu m'mimba muli madzi okha.

Palibe chaka chimodzi chimene ndinganene kuti ndicho chinamupha. Masamu ali ngati khoma la njerwa. Pa phunziro la mbiri yakale mwana akhoza kuphonya nkhani ya Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835, n'kudzamvabe bwino nkhani ya ufulu wa 1964. Pa masamu, amene sanamve malo a manambala sangamve kuchotsera, amene sanamve kuchulukitsa sangamve kugawa, ndipo amene sanamve kugawa akafika pa ma fraction ndi maperesenti amangokopera zapabolodi ngati akujambula maluwa. Mzere wa njerwa ukasowa pansi, omanga amangopitiriza pamwamba chifukwa silabasi ikuti pofika mwezi wakuti tikhale titafika pa zenera.

Sindikufuna kuponya mwala kwa aphunzitsi. Ndili ndi mnzanga amene tinakulira limodzi ku Mchini, amene tsopano amaphunzitsa Giredi 5 pasukulu ina kunja kwa tauni. M'kalasi mwake muli ana 94. Phunziro limodzi ndi mphindi 40. Iye mwini anandiwerengera kuti atafuna kuima pa mwana aliyense, aliyense sangapate ngakhale theka la mphindi. Makope 94 sangawachonge tsiku ndi tsiku, ndiye amalemba mayankho pabolodi, ana n'kusinthana makope. Wolakwa amaona chizindikiro chakuti walakwa, koma palibe womuuza kuti walakwira pati. Anandiululiranso chinthu china chimene aphunzitsi sakonda kunena poyera: kuti iyenso masamu ankawaopa, ndipo ku koleji anangowapirira. Akafika pa mutu umene sakuumvetsa bwino, amaphunzitsa njira yokhayo imene analoweza, ndipo mwana akabwera ndi njira ina mtima umagunda. Pamenepo ndinawakhululukira aphunzitsi anga a Giredi 4. Mwina funso langa la wani wobwereka linawaopsa chifukwa yankho analibe.

Palinso mayeso. Chaka cha mayeso chikafika, kuphunzira kumaima, kumayamba kusaka. Ana amaloweza mapepala a zaka zam'mbuyo, makolo amalipira matushoni, ndipo ena amasaka "likeji". Tonse tikukumbukira Okutobala 2018, pamene boma linaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 pepala la masamu la Giredi 9 litapezeka likuyendayenda pa mafoni. Nkhaniyo inatha, mayeso analembedwa, koma funso linatsala: n'chifukwa chiyani mwana amene wakhala zaka 9 m'kalasi amaona kuti chiyembekezo chake chili pa pepala lobedwa? Ndipo ife makolo tili ndi mbali yathu. Ndi kangati tanena pamaso pa ana kuti "kwathu kuno masamu sitikhoza, ndi magazi"? Ndi kangati tauza mtsikana kuti asadandaule, masamu ndi a anyamata, pamene amayi ake ndiwo amasunga buku la chilimba la mudzi wonse? Ena amaloza mafoni ndi makakyuleta. Mwina m'tauni ali ndi mlandu wake, koma mwana wa mlongo wanga anafika Giredi 6 asanagwirepo kakyuleta.

Wina anganene kuti, ngati mwanayo amatha kubweza chenji, vuto lili pati? Msiyeni, adzagulitsa pamsika monga ambuya ake. Yankho langa ndi bambo ake a mwana yemweyo.

Alamu anga ndi mlimi wakhama, ndipo pa chenji simungawabere ngwee. Chaka china, feteleza wa makuponi atachedwa, anakatenga kaloba ya K2,000 mu Disembala kwa munthu wina wa pa malo ogulitsira malonda apafupi. Anagwirizana 30 peresenti pamwezi, n'kusainirana pakapepala. Iwo m'mutu mwawo anawerengera K600 mwezi uliwonse, ndiye kuti pofika Meyi, miyezi 5, adzabweza K5,000. Zinali zowawa kale, koma anati soya adzalipira. Chimene sanaone n'chakuti kapepalako kankati chiwongoladzanja chosalipidwa chiziwonjezedwa pa ngongole, nachonso n'kumabala. Mwezi woyamba K2,600, wachiwiri K3,380, wachitatu K4,394. Pofika mwezi wachisanu ngongole inali pafupifupi K7,426. Soya sanakwanitse. Ng'ombe imodzi mwa ziwiri zolimira inapita, ndipo chaka chotsatira mlongo wanga anabwerera ku khasu. Masamu a pamsika amafika pamene maso ndi zala zimafika. Chinthu chimene chimakula mobisika, mwezi ndi mwezi, chimafuna pepala, pensulo ndi munthu amene anaphunzitsidwa kuchiona chisanafike. Sukulu ilipo chifukwa cha zimenezi. Kulakwa kwake n'kwakuti imataya zimene mwana wabwera nazo kuchokera kumsika, m'malo momangapo.

Mnzanga mphunzitsi uja ndiye anandionetsa poyambira. Anandiuza za pulogalamu ya Catch Up, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuyesa mu 2016 m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, isanafalikire ku sukulu zambiri. Nzeru yake inachokera ku bungwe la Pratham la ku India, ndipo ndi yosavuta kuimva. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi, kenako kwa ola limodzi amaikidwa m'magulu motsata zimene akudziwa, osati kalasi imene ali. Amene sadziwa manambala amayambira pa manambala, ngakhale akhale wamtali kuposa aphunzitsi. Amakhala pansi mozungulira, amalankhula chinenero chawo, amawerenga ndi timitengo ndi mitolo. "Ola limenelo," anatero mnzangayo, "ndi lokhalo limene ndimamva ana akukangana za masamu." Anadandaula kuti ola limodzi silikwana, ndi kuti belu likalira amabwerera ku silabasi ija yothamanga. Koma anandibwereka njira.

Tinapita ndi mwana wa mlongo wanga kukathyola timitengo m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa. Tinadula tofanana, n'kumanga khumikhumi ndi malabala odula ku chubu cha njinga. Mitolo khumi tinkaimanga pamodzi ndi luzi kukhala chimtolo cha handiredi. Ntchitoyi inatitengera madzulo awiri, ndipo mkazi wanga ankatiseka kuti tikufuna kutsegula malonda a nkhuni za mbewa. Tsiku lachitatu ndinaika pamphasa zimitolo zinayi ndi timitengo titatu.

"Nayi 403. Ndipatse 178."

Anayamba ndi timitengo. Anafuna 8, koma panali 3. Anayang'ana pa malo a makumi, panalibe kanthu. Anakhala chete, n'kundiyang'ana ngati akupempha chilolezo. Ine ndinangopinda manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Potsiriza anatenga chimtolo chimodzi n'kumasula luzi, mitolo khumi n'kugwera pamphasa. Anatengapo umodzi n'kuvula labala. Tsopano anali ndi zimitolo zitatu, mitolo 9 ndi timitengo 13. Anandipatsa zanga, n'kuwerenga zotsala: 225. Tinabwereza ndi manambala ena, uku akumasula mitolo, uku akulemba papepala chimene manja achita. Pa samu yachinayi anaima.

"Amalume, ndiye kuti sitibwereka ayi. Timangosintha, monga K10 kuisintha kukhala makoini."

Ndinadzuka n'kupita panja ngati ndikukaona nkhuku. Funso limene ndinalimira udzu ndili Giredi 4 linayankhidwa pamphasa ya m'nyumba mwanga, patapita zaka zoposa 30, ndi mwana amene anapeza 23. Wani uja sabwezedwa chifukwa sanabwerekedwe. Ndi khumi lako lomwe, wangolimasula. Liwu limodzi lachingerezi, loimbidwa popanda kulimva, linanditsekera chitseko.

Masiku otsatira tinapeza zina. Iye ankati theka kuwonkhetsa ndi gawo limodzi mwa atatu ndi 2/5, chifukwa ankawonkhetsa zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha. Tinagula nzimbe ya mfundo 6. Theka lake ndi mfundo 3, gawo limodzi mwa atatu ndi mfundo 2, zonse pamodzi 5 mwa 6. Ndinamufunsa ngati munthu amene ali ndi theka la nzimbe, n'kumuwonjezera ina, angatsale ndi yochepera theka. Anaseka yekha. Tinapezanso kuti Chinyanja chathu, chimene timachinyoza kuti manambala ake ndi aatali, chili ndi nzeru yobisika. Timati "zisanu ndi ziwiri", "zisanu ndi zitatu". Ukafuna kuwonkhetsa 7 ndi 8, chinenero chakugawira kale: zisanu ziwirizo ndi khumi, ziwiri ndi zitatu ndi zisanu, zonse 15. Ndipo "makumi awiri ndi zitatu" amanena poyera chimene 23 ali, pamene "eleven" ndi "twelve" sauza mwana chilichonse za khumi limene lili m'kati mwake. Sindikunena kuti tisiye kuwerenga m'Chingerezi, pakuti ngakhale ambuya ankatchula mitengo m'Chingerezi. Ndikunena kuti mwana amve chinthu m'chinenero chimene amalotera, kenako apatsidwe dzina lake lachingerezi.

Matebulo sindinamusiyire. Pamenepa ndimasiyana ndi anthu amene amati kuloweza konse n'koipa. Mwana amene amawerenga zala kuti apeze 6 kuchulukitsa ndi 7 amatopa asanafike pakati pa samu yaitali. Koma tinayamba ndi kuyala nshawa m'mizere, 7 mizere 8, n'kuona kuti ukaitembenuza imakhala 8 mizere 7, ndi kuti ukaiwala ukhoza kutenga mizere isanu, 35, n'kuwonjeza itatu, 21, kupeza 56. Atatha kuona, ndiye tinaloweza, m'mawa uliwonse popita kukatunga madzi, popanda kamtengo ka mpichesi. Madzulo tinkasewera nsolo pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinaona mmene amawerengera maenje patsogolo asanagwire mwala. Mwana wotere wina anamulembera kuti alibe mutu wa masamu.

Ine si mphunzitsi, ndipo ndikudziwa kuti mwana mmodzi pamphasa si ana 94 m'chipinda chotentha. Koma zimene ndinaona m'milungu isanu ija zandipatsa maganizo amene ndingaime nawo pamaso pa aliyense. Mwana ayambire pamene ali, osati pamene buku likuti ayenera kukhala. Agwire chinthu ndi manja, achijambule, kenako alembe manambala. Afunsidwe kuti "wapeza bwanji?" ngakhale pamene wakhoza, ndipo yankho lolakwa lisafufutidwe msanga, chifukwa ndilo limaonetsa pamene njerwa inasowa. Asanalembe yankho azifunsa ngati lili ndi nzeru: kodi ungachotse 178 pa 403 n'kutsala ndi pafupifupi 400? Mafunso achokere m'dziko lake: matumba a feteleza pa ekala, kusintha kwacha ya Zambia ndi ya Malawi pa Mwami, mtengo wa soya pa kilo ndi pa meda, chiwongoladzanja cha kaloba. Inenso lamulo la Pythagoras ndinaliloweza kusekondale osalimva, mpaka tsiku limene mmisiri womanga nyumba yanga anayeza ngodya ya maziko ndi chingwe, masentimita 60 uku, 80 uku, 100 chopingasa. Ndipo aphunzitsi a makalasi oyambirira, amene timawaona ngati otsika, ndiwo ayenera kuphunzitsidwa masamu mozama ndi kupatsidwa ana ochepa, pakuti m'mera mpoyamba.

Mwanayo anabwerera ku Chadiza mu Januwale 2025 atanyamula mitolo yake m'jumbo. Lipoti la temu yoyamba linabwera ndi 41 pa masamu. Si nambala yoimbira nthungululu, ndipo mafunso a mawu ambiri achingerezi akumugwetsabe. Sindikudziwa ngati milungu isanu ingabweze zaka 6.

Mu Juni mlongo wanga anandiimbira foni. Anati ogula soya anabwera pamudzi ndi sikelo yawo, alamu n'kutulutsa matumba 14 amene anali atayeza kale pa sikelo ya kopaletivu, lililonse makilo 50. Wogulayo atatha kuyeza analemba 660. Mwana uja, amene anaima pambali, ananena mokweza kuti 14 kuchulukitsa ndi 50 ndi 700. Bambo ake anamukalipira kuti asalowerere nkhani za akuluakulu, ndipo anapepesa kwa mlendoyo. Koma atakhala chete pang'ono anati matumbawo ayambe abwerera m'nyumba, adzagulitsa mawa.

Usiku umenewo, anatero mlongo wanga, alamu anatulutsa kapepala kakale ka kaloba kaja m'chikwama chimene amasungiramo makadi a chipatala. Anakayala pafupi ndi nyali, n'kuitana mwana wawo kuti abwere ndi pensulo.